Kamzere Kamodzi

Kuchigwa kwathu kuno ku Arkhangai
foni ndi kamwala kosalala basi.
Imandiuza nthawi, imandiunikira usiku nkhosa zikadzidzimuka,
koma kulankhula imakana
ngati mwana wamanyazi pamaso pa alendo.

Mwana wanga Temuulen anandibweretsera ina ya ku Ulaanbaatar,
yagalasi lokhalokha, makamera atatu kumsana,
akuti imadziwa nkhope yanga, imadziwanso pamene ndaima.
Chisanu chitafika inazima ndili pakati pa mawu,
batire litauma ngati kamwana ka mbuzi kobadwira panja usiku.
Zala zanga zong'aluka siinkazimva n'komwe.
Ili m'bokosi tsopano, pamodzi ndi mapepala a katemera wa ziweto.
Ndinabwerera ku kakale kamabatani, ka nambala faifi yofufutika,
kamene kamatha sabata osapempha moto kwa sola.

Lero ndi lachitatu chimugonekereni Sarangerel m'chipatala,
mimba yake yoyamba, ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto.
Mayi ake sakudya. Amangotakasa tiyi wamkaka n'kumuiwala.
"Kwerani," akutero, osandiyang'ana.

Ndamanga chishalo.
Malowo ndimawadziwa monga ndidziwira zitsime:
pa mulu wa miyala pamwamba pa chitunda,
mapazi asanu ndi awiri chakumadzulo,
nkhope kuloza kumene Dashnyam amati kuli mlongoti
umene ine sindinauonepo.
Mphepo ikachokera kumpoto, iwalani.
Kukachita mitambo nthawi zina zimatheka,
chifukwa chake musandifunse.

Ndazimitsa, ndayatsanso.
Ndachotsa simu, ndaipukuta pamalaya, ndaiuzira mpweya.
Ndaimirira pa zopondera, hatchi ikundidabwa.
Palibe. Pakona pagalasi pangoti mbee,
chipale chosapondedwa.

Anyamata amalemba uthenga, n'kukulunga foni m'sokosi,
n'kuiponya kumwamba kuti mawu akadumphire komweko.
Ine phewa linatha kale.
Koma ndili ndi mtengo wanga wokolera mahatchi,
wautali ngati amuna atatu, chingwe chachikopa kunsonga.
Zaka makumi anayi wakola zamphongo zolusa;
lero ndamangirirapo foni ndi kachingwe ka chipewa
ndi kuukweza pang'onopang'ono,
kuweta mlengalenga,
kusaka nyama yopanda ubweya, yopanda fungo,
yosasiya mapazi.

Mikono ikunjenjemera. Ndevu zachita gwa.
Khwangwala wadutsa, wasuzumira, wapitirira.
Ndawerenga mpaka zana. Ndayambiranso.
Ndamukumbukira ali ndi zaka zisanu,
akuthamangira anaankhosa, nsapato atasinthanitsa miyendo,
akundikalipira chifukwa choseka.

Kenaka kumwambako:
tii, tii.
Kaphokoso kosafika ngakhale pa kulira kwa mbewa.

Ndatsitsa mwaphuma mpaka mtengo wandigogoda pachipumi.
Kamzere kamodzi kaja kathawa kale,
koma kasiya dzira lake, kaenvelopu pakona.
Magalasi ndaiwala kuhema.
Ndatalikitsa mkono, ndatsinzina diso limodzi,
zilembo zikusambira m'misozi ya mphepo,
ya mphepo, ndikutero.

"Wamkazi. Tonse tili bwino. Chithunzi chikubwera."

Chithunzicho pa kafoni aka sichidzafika, ndikudziwa.
Nkhope ndidzaiona udzu ukadzaphuka,
msewu ukadzalola.
Ndayankha ndi chala chouma, batani lililonse katatu:
"Tamva."
Ndamanganso, ndakwezanso mtengo,
ndaima choncho ngati munthu wopereka nsembe
kufikira liwu limodzilo litapeza njira yake.

Kotsika kuli miyala yoterera, hatchi sindingaithamangitse.
Pansi apo utsi ukutuluka pahema,
ndipo kanthu kofiira kaima pakhomo, dzanja pamphumi,
kaima choncho chichokereni ine.
Ndakoleka chipewa kunsonga kwa mtengo,
ndachikweza, ndikuchivinitsa uku ndi uku.
Kanthu kofiira kaja kakhala pansi pachipale,
kenaka kadzuka, kakuthamangira kuno,
chipande cha tiyi chikadali m'manja.