Kumwa Matalala

Mtambo wagenda fodya wa Chisale ku Chulu,
masamba abookabooka ngati sefa.
Mjigo uli kutali, chigubu chauma,
ndiye akutola timiyala toyerato m'chitini.

Mwana wake Tiyese wabwira kamodzi.
"Lavula! Kuyera si ukhondo.
Tola a pa udzu, usatole a m'mizere
momwe tinapopera mankhwala dzana."

Kuseri kwa chigafa zitsononkho zonyowa
zikukana moto, kenako zilola.
Chitini chinali chodzaza ndendende,
chasungunuka, chatsala theka.
Asefa pa mpango:
mchenga, kaphiko ka chiwala.
Abwezera pamoto mpaka abwadamuke,
awerenga kufika zana, abwerezanso.

Awapoza. Amwa.
Akununkha utsi,
ndipo kukhosi akudutsa
pomwe pakhala ngongole ya feteleza.

Tiyese, milomo yonyowa,
akufunsa ngati mawa agwanso.