Msungichuma wa Dzuwa

Anandisankha usungichuma ndisanavule n'komwe jekete,
mu holo ya tchalitchi ku Llanidloes, mvula ikugogoda denga.
Kulakwa kwanga kunali kuulula kuti kwathu ku Ntcheu
ndinasungapo bokosi la banki m'khonde, lamaloko atatu.
Eirlys Pugh anandikankhira buku ndi cholembera.
Mlandu unathera pomwepo.

Tikufuna kukolola dzuwa, anatero.
Ndinasuzumira pazenera, n'kuluma mlomo kuti ndisaseke.
Dzuwa la kuno ndi munthu wangongole:
limadzera kuseri kwa phiri, chipewa chili kumaso,
ukati ulipatse moni, lakhota kale.

Koma Gethin, injiniya wamapewa akugwa, anajambula pabolodi.
Pamtunda paja pali nsanja zisanu ndi ziwiri
zopalasa mphepo ndi mikono itatuitatu.
Nthambo yake inakwiriridwa kalekale,
ndipo mu Juni, mphepo ikapita kutchuthi,
imangogona m'dothi, mimba ili pululu.
Tiibwereke, anati. M'chisanu inyamule za mphepo,
m'chilimwe inyamule za dzuwa.
M'mphepete mwa buku ndinalemba: mitala yopanda nsanje.

Kenaka ndalama.
Wa kubanki anachokera ku Cardiff, nsapato zosadziwa matope,
nafuna chikole ndi mapepala olemera kuposa khanda.
Chiwongoladzanja chinakwera kawiri tikudikira khonsolo,
khonsolo ikudikira mnyamata wina
woti awerenge mileme ya m'khola lakale.
Inapezeka khumi ndi inayi. Tinasuntha mpanda.

Theka linalo tinasonkha tokha,
sheya imodzi mapaundi mazana awiri ndi makumi asanu.
Idwal Bebb anabwera ndi chitini cha mabisiketi,
ndalama zimene ankasungira maliro ake.
Bokosi lidikire, anati, sindikuthamangira.
Mayi Tudor ankakana pamsonkhano uliwonse:
munda wa bambo awo usasanduke kalilole wa akhwangwala.
Ankavota ayi, kenaka n'kutsuka makapu athu onse.
Ine ndinaponyamo za malata,
zija ndinatolera pogwira usiku kunyumba ya okalamba.
Mchemwali wanga Nachanza sindinamuuze.

Mu Malichi matope anameza lole mpaka m'khwapa.
Thirakitala ya Idwal inaizula, iye akutukwana m'chinenero chawo.
Masabata asanu chitsulo chikukhomera mizati,
gu, gu, gu, mpaka tiyi kunjenjemera m'kapu.
Anyamata a ku Romania ankanyamula mapanelo awiriawiri,
mosamala, monga timatembenuzira wodwala pabedi.
Zikwi zinayi. Atatu anasweka.
Amenewonso ali m'buku langa, tsamba la makumi awiri.

Tsiku loyatsa kunali chifunga, monga mwa masiku onse.
Nsanja zinkazungulira pamwamba pathu, mitu yosaoneka,
mikono yokha ikutuluka mumtambo n'kubwereramo.
Nkhosa zinali zitalowa kale pansi pa mapanelo
ngati ndizo zinalipira.
Gethin anakweza chogwirira. Palibe chinalira.
Tinaunjikana pa mita ngati pa mwana amene wachedwa kuyankhula,
kenaka nambala inaphethira, n'kusuntha.
Mayi Tudor anati hm.

Madzulo ndinaimbira Nachanza.
Anati magetsi anazima mbandakucha,
foni yatsala pang'ono kufa, ndiyankhule msanga.
Dzuwa likuswa mtengo kuno, anati, mbuzi zabisala pansi pa ngolo.
Nanga malata aja?
Ndinati chaka chamawa.
Foni inaduka, kaya ndi moto kaya ndi iyeyo.

Ndinatsegula buku pathebulo la kukhitchini.
Zolowa lero: mapaundi khumi ndi limodzi, ndi timakobiri.
Ngongole yotsala: zaka khumi ndi zisanu.
Pansi pake, ndi pensulo kuti Eirlys asaone,
ndinayamba mzere wina:
denga la mchemwali, malata makumi atatu,
ndi panelo imodzi pamwamba pake.