Denga la ku Mapiri a Nuba

Malata anafika pa thirakitala m'chilimwe,
makumi anayi ndi awiri, ndinawerenga ndekha,
atatu opindika m'makona chifukwa cha msewu.
A bungwe anati pano pakhala chipatala:
chipinda cha amayi, chipinda cha mankhwala,
ndi khonde la odikira.
Ine Tia, mmisiri wa matabwa,
anandipatsa denga.

Njerwa tinaumba kudambo,
amayi akusenza madzi, ana akuponda dothi.
Khoma silinavute. Khoma limafanana ndi nthaka,
amene ali m'mwamba saliona.
Mlandu unali pamwamba pake.

Tsiku lokhoma lata loyamba
dzuwa linagwapo, kuwala kukafika kuphiri la mapanga,
ndipo Koshe, amene anaika ana awiri chaka cha ndege,
anatula mtsuko pansi nati:
Tsitsa chimenecho. Ukuitana alendo.

Intisar wa bungwe anatulutsa chitini cha penti wofiira.
Tijambula chizindikiro chachikulu, anatero,
woyendetsa ndege adziwe kuti muno ndi mwa odwala.
Koshe anaseka ndi mano okha.
Sukulu ija inalibe chizindikiro?
Si ndiye chinamuthandiza kuloza bwino?

Ndinakhala pamtanda, msomali pakamwa,
miyendo ili lende pakati pa akazi awiri,
onse onena zoona.

Masiku atatu pansi pa mtengo wa bwemba,
mawu akupita, mawu akubwera, wopambana panalibe.
Lachinayi Intisar anabweza chitini m'galimoto
chosatsegula, maso ali pansi,
ife tinakanda matope, ndowe ndi phulusa
n'kumata malata atsopano
monga mayi adetsa nkhope ya mwana wake wamkazi
kuti asilikali amupitirire.

Ndakhoma madenga ambiri pa moyo wanga.
Ili lokha ndinalimaliza n'kulidetsa dala.

Kuseri tinakumba maenje asanu ndi limodzi othawiramo,
lina lotambalala, loti machira alowe.
Pa pepala la bungwe panalibe maenje.
Intisar anawajambulapo yekha ndi pensulo,
nafunsa Koshe kuti akhale akuya bwanji.

Zitseko zisanabwere anafika Nalu,
amuna anayi atamunyamula usiku wonse
kuchokera kuseri kwa phiri.
Kale ulendo wotere unali wa masiku atatu
ndipo ambiri ankathera pa lachiwiri.
Mzamba anatchinga khomo ndi nsalu,
tochi analuma ndi mano monga ine ndi msomali.
Ndinali panja, ndikupala thabwa losafunika kupala.
Kulira kutamveka
tonse tinayamba tayang'ana kumwamba.
Chizolowezi.
Kenako tinazindikira kuti kukuchokera m'nyumba.

Palibe anaombera mfuti yachisangalalo.
Mwamuna wa Nalu anangokhala pa mulu wa njerwa zotsala,
nagwira mutu, mapewa akugwedezeka.

Mvula yoyamba yagwa usiku wathawu.
Takondwa, inde, mapira ndi chitowe zikufuna madzi,
koma kwacha denga lili mbee, lasamba lonse,
likuwala monga linawalira pa thirakitala.
Mkati firiji ya palafini yasunga katemera.
Pakhonde pali anthu makumi atatu ndi mmodzi,
uyu ndi bala la chaka chatha lokana kupola,
uyo ndi chifuwa, awo angobwera kudzaona
ngati n'zoona kuti mankhwala salipiritsa.
Onse akuba maso, akuyang'ana denga.

Intisar watuluka, wapinda manja a malaya.
Koshe wafika ndi beseni la matope pamutu,
sanapereke moni,
walitula pansi pa makwerero.

Ndikukwera.
Kum'mawa mitambo yayambanso kusonkhana,
ndiye kuti mawa ndidzakweranso.