Njira ya Mfuko

Kale fayilo inkakwera minibasi.
Ndinkaivala m'khosi ngati chithumwa,
kafulashi kochepa ngati chala cha khanda,
kunyamuka pa Tsangano m'bandakucha,
kupanikizana ndi matumba a mbatatesi
mpaka ku Lilongwe,
kukafika n'kumva kuti, "Iyi ndi yakale, mayi,
tinasintha Lachiwiri."

Kenako kunabwera mnyamata wa ku likulu,
Fanuwelo, wa jekete yopyapyala,
wosadziwa kuti kuno Juni amaluma.
Mano akuwombana, anakhoma kabokosi pakhoma,
timaso tobiriwira tikuphethira.
Anati, "Ndakukumbirani njira ya mfuko,
yolowera pa desiki panu
n'kukatulukira mu seva ya kwathu.
Palibe angakuoneni mukudutsa.
Kiyi wake ndi mawu achinsinsi. Musawalembe paliponse."

Ndinawalemba kuseri kwa kalendala.

Tsopano m'mawa, nkhungu isanayalule mphasa yake,
ndimauzira mpweya m'manja, n'kutayipa dzina langa,
kabwalo n'kuyamba kuzungulira,
kuzungulira,
ngati galu wofuna pogona.
Masiku ena netiweki imasochera,
imadumpha malire kupita ku Mozambiki
n'kubwerako ndi moni wa Chipwitikizi.
Pamenepo ndimakwera pampando, foni m'mwamba,
alimi pawindo n'kumaseka:
"A kalaliki akupempha mvula!"

Koma ikagwira, zonse zili momwe ndinazisiyira.
Ngakhale tsiku lija pa Ntcheu pa boma,
nditakhala pa kompyuta ya eni ake,
ndinangolowa, nkhope ya Tiyese wanga inatulukira,
mano awiri akutsogolo palibe,
zilembo zitakula kale molingana ndi maso angawa.
Katundu wanga anafika ine ndisanavule juzi.

Dzulo a Ndau anatsamiritsa njinga pakhonde,
chipewa m'manja,
kuti amve ngongole ya feteleza yatsala zingati.
Ndinagogoda pa fayilo.
Inati: muli munthu.
Elube M., ku likulu.
Elube sindimudziwa,
sindidziwa ngati ndi wamtali, ngati amaseka,
ndimangodziwa kuti ikakwana thwelofu
amapita kukadya osatseka chitseko.

Tinadikira.
A Ndau anandifotokozera za chiwawu m'munda mwawo,
za mwana wawo wa ku Joni amene foni yake inazima.
Kabichi ziwiri zimene ankapita nazo kumsika
anazitsitsa, imodzi n'kuiika pa desiki.
Thu koloko fayilo inatseguka.
Zikwi makumi anayi ndi ziwiri.
Anapukusa mutu, anavala chipewa.

Madzulo, magetsi atatsala pang'ono kuchita zawo,
ndinaona m'kabokosi kapansi penipeni,
momwe simukhala nambala,
mawu amene sindinalembe ine:
"Pepani a ku Tsangano. Kukuzizira?"

Ndinayang'ana zala zangazi, zouma gwa.
Ndinalemba: "Kwambiri. Muzitseka mukamatuluka."
Ndinasunga.
Ndinanyamula kabichi yanga.