Viniga pa Mwala

Tsiku loyamba la Giredi 8
a Miti analemba pa bolodi zimene akufuna kwa ife:
makope awiri, lina la zamoyo, lina la nthaka ndi miyala,
pensulo yosongoka, rula,
ndi maso.
Kunsi kwa maso anajambula mzere kawiri
mpaka choko chinathyoka.

Tinalipo sevente-wanu.
Maikulosikopu inali imodzi,
tinkaima pamzere ngati pa mpopi
kuti tione khungu la anyezi litasanduka khoma la njerwa.

Nyemba yanga ndinaigoneka pa thonje lonyowa
m'botolo la jamu, pawindo.
Tsiku lachitatu inatupa,
lachinayi inang'amba malaya ake,
lachisanu khoswe anadya.
M'kope ndinalemba: Zotsatira, khoswe.
A Miti anachonga.
Nchimunya, amene yake inakula masentimita khumi usiku umodzi,
anauzidwa kuti abwere nalo botolo.

Temu yachiwiri anati,
aliyense abweretse miyala itatu,
mulembe kumene mwaitola.

Anzanga anapita kukasaka. Ine ayi.
Amayi anga amaphwanya miyala ku Misisi,
m'mbali mwa msewu, atatambalala pa saka,
amagulitsa pa wilibala.
Fumbi lake limagona m'nsidze zawo,
timalipeza m'bulangete, timalitafuna m'ndiwo.
Ndinatola itatu pa mulu wawo
n'kulemba bodza pa kapepala: Chilenje.

Labu yathu ilibe mankhwala.
A Miti anatulutsa m'thumba viniga wothira pa tchipisi,
anadontheza pa mwala wanga,
ndipo mwala unalira, tsiii,
ngati kapenta wagwera m'mafuta.
Uwu ndi mwala wa laimu, anatero,
mzinda uno wautsamira.
Madzi amaudya mwakachetechete,
pansi pathu pali mapanga ndi tinjira,
chimbudzi cha uyu chimapatsana moni ndi chitsime cha uyo.
Kalasi inaseka.
Ine ndinakumbukira Zelipa, mng'ono wanga,
masiku asanu pa diripu dzinja latha,
maso atalowa m'kati.

Kenaka anautembenuza,
chala chikuyenda m'mphepete mwake mwakuthwa.
Uwu sunatoledwe panjira, anati motsitsa mawu,
waswedwa ndi dzanja lodziwa pamene mwala umagonjera.
Anandipatsa bolopeni yawo yofiira
osanena kanthu.
Makutu anga anatentha.
Ndinafufuta Chilenje.
Ndinalemba Misisi, tizilembo ting'onoting'ono.

Anandipatsa khumi ndi zinayi pa makumi awiri.
Zisanu ndi chimodzi zinapita
chifukwa mizere yolozera ndinaijambula popanda rula.
Bodza sanaliwerengere.

Madzulo ndinatapa viniga wa pakhomo,
ndinadontheza pa mulu, amayi akuona.
Anatchera khutu.
Awo ndi oyera aja, anati, savuta.
Otuwa aja ndiwo amabweza nyundo mpaka m'phewa.
Sukulu yanu yadziwa lero?
Anapukuta manja pa chitenje,
anautenga mwala wonyowawo, anaununkhiza.
Nanga pa mayeso a Giredi 9 adzafunsa zimenezi?

Ndinati kaya.

Ndiye uwerenge zonse, anatero.
Ndipo viniga wangayo usamalize.

Magetsi anali atapita kale.
Homuweki inali kujambula dziko litadulidwa pakati
ngati dzira lowiritsa:
chikamba, mnofu, ndi moto uli m'katimo.
Zelipa anandigwirira tochi ya foni,
dzanja likutsika ndi tulo.
Pamwamba pa chikamba, pamene a Miti sanapemphe kanthu,
ndinaikapo kadontho,
pambali pake kanyundo,
ndipo mzere wolozera
ndinaujambula ndi rula.