Meya wa Pakhoma

Ku Orange Grove, m'nyumba ya Mayi Ortensia,
muli chithunzi chimene ndimapukuta Lachiwiri lililonse:
bambo wa ndevu zopindika ngati nyanga za tonde,
lamba wa mitundu itatu atampingasa pachifuwa,
maso ali kuseri kwa wojambula
ngati waona dzenje lina losakwirira.

"Fulugensio, awo ndi agogo anga, Amilcare,
meya woyamba wa kwathu,
katauni ka paphiri ku Italy
kumene abulu ankaterereka m'zonyansa za anthu."
Chingerezi chawo nchothyoka, changanso nchothyoka,
timalumikizana ngati mapale a mbiya imodzi.

Akuti anali mwana wa wosula mipeni.
Kolera itatenga alongo ake awiri sabata imodzi
analumbira pamanda
kuti madzi adzayenda pansi pa nthaka,
oyera njira yawo, akuda njira yawo.
Atangovala lambayo anayamba kukumba.
Amalonda anamutukwana kuti wawatsekera makomo.
Wansembe anam'sungira kampeni kumphasa
chifukwa nyale ya gasi inaima pafupi ndi tchalitchi
nkuwala koposa makandulo a paguwa.
Anagumula linga lakale kuti mphepo ilowe,
anagumulanso nyumba makumi atatu za amphawi
kuti msewu uwongoke.

Apa mayiwo amasiya kaye, nkupsontha khofi.
Ine ndimafunsa: nanga eni nyumbazo?
"Ena anakwera sitima ya ku Argentina.
Ena anadza kuno kudzaswa miyala.
Pambuyo pake ifenso."

Chisankho chachitatu anagwa ndi mavoti khumi ndi limodzi.
Anafa ali ndi ngongole kwa wosoka nsapato,
tauni yonse ikumwa madzi ake.

Lero magetsi athima chichokereni dzuwa.
Paipi ya pakona yaphulika, sabata yachitatu ino,
madzi abwinobwino akutsika msewu ngati mwana wopanda mwini.
Chivundikiro cha ngalande anakachigulitsa pa kilo.
Pa maloboti akufa
mnyamata wopanda nsapato akulondolera magalimoto ndi manja,
wina amuponyera marandi awiri,
wina akweza galasi.

Ndayatsa kandulo pansi pa chithunzi
kuti mayi asapunthwe popita kuchimbudzi,
ndipo ndevu zija zikugwedezeka ngati zifuna kunena.
Nenani, a Meya.
Ine ndimagona ku Yeoville, anthu asanu ndi awiri chipinda chimodzi,
malire athu ndi zitenje pa waya.
Mukanabwera ndi chingwe chanu chowongolera misewu,
ife tikanakhala mbali iti ya chingwecho?
Ndikanakutukwanani, ndikudziwa.
Ndikanamwanso madzi anu.

Agogo anga a Sikisitoni anachoka ku Bembeke pa Wenela,
anakumba pansi pa mzinda uno
kuzama koposa mapaipi anu onse.
Iwo alibe khoma, alibe lamba.
Anabwerera ndi bulangete, wailesi
ndi chifuwa chimene chinkalira usiku ngati mvukuto.
Ndikamayenda ku Joni ndimaponda mofatsa,
pansi pano mpamphako,
ndipo mphakoyo anaisema ndi achibale anga.

Mayi Ortensia akodola tulo pampando,
manja ali pa rozari.
Ana awo ali ku Perth, amaimba foni Lamulungu.
Andiuza kuti akadzatsikira kulichete
chithunzicho nditenge ndine,
popeza ndine ndimadziwa pamene fumbi limabisala.
Kodi ndikachipachika pati, pa chitenje?

M'mawa ndadzaza wilibala ndi zidutswa za njerwa,
ndakankha mpaka pakona,
ndakhuthulira m'dzenje lija limene latha matayala a anthu,
ndasinja ndi chidendene cha jombo.
Palibe anandisankha.
Dalaivala wa takisi waliza hutala kawiri.
Sindikudziwa ngati amathokoza
kapena amati ndichoke pamsewu.