Nsapato za Vinjeru

Tabwerako.
Basi yatitula pa depoti mbandakucha, nkhungu idakali pamadenga,
anyamata a njinga akulimbirana sutikesi
yomwe popita inkalemera ngati thole
koma lero mwana anganyamule ndi dzanja limodzi.

Popita paja tinaiyeza kanayi
pa sikelo ya a Chirambo ogulitsa nyemba.
Makilo makumi awiri ndi atatu, osapitirira.
NyaMsiska anatulutsa zitenje zake
kuti mpunga wa ku Karonga upeze malo,
khofi, chiponde, tsabola wa kambuzi m'botolo.
Ine ndinasiya jekete la kutchalitchi.
Amati kumeneko kumazizira, ndinaseka:
munthu wokalambira ku Mzuzu
ungamuopseze ndi chisanu?
Chinandiluma mpaka m'mano.

Tsopano Chiputula yense wadzaza pakhonde.
Ku Ulaya kuli bwanji? Mwana wanenepa?
Mkazi wanga akuyendetsa foni dzanja ndi dzanja:
uyu ndi Vinjeru pachipata cha sukulu,
awa ndi ife m'sitima yoyenda pansi pa nthaka,
awa ndi aphunzitsi ake, anatipatsa moni ndi manja awiri.
Zonsezo n'zoona.
Sakunama mayi.

Koma foni sinajambule kachipinda kaja,
kamene ukatambasula mikono umakhudza zipupa zonse.
Bedi anatipatsa ife,
iye n'kuyala pansi, mutu kuchitseko.
Sinajambule usiku wachitatu
pamene anadzuka mwakachetechete, poyesa tagona,
n'kuvala mumdima.
Anabwera kutacha, manja akununkha sopo wa kuchipatala.
Ndinali kulaibulale, adada.
Ndinavomera ndi mutu.

Ine ntchito yanga n'kusoka nsapato.
Zaka makumi atatu pakhonde la sitolo, kuseri kwa msika,
ndikuwerenga anthu kuyambira pansi.
Nkhope imanama, pakamwa pamanama,
chidendene sichidziwa bodza.
Ndinatola nsapato zake pakhomo,
n'kuzitembenuza.
Wokhala pa mpando kuwerenga mabuku sadya soli chonchi.
Izi n'za munthu woima usiku wonse,
wonyamula nkhalamba za eni kupita nazo kubafa,
wothamangira basi yomaliza pamadzi oundana.
Yakumanzere inali itaboola,
mkati atayalamo katoni.

Ndiye malata aja anachokera apa.
Ndiye fizi ya mng'ono wake,
mankhwala a shuga a mayi ake,
zomwe ankati n'zotsala pa ndalama ya sukulu,
ife n'kumaombera m'manja foni ikalira.

Sindinamufunse.
Mwana akakuvekera nsalu pamaso mwachikondi
suichotsa iye akuona.
Ndinangomukokera m'sitolo tsiku lotsazikana,
n'kutulutsa kandalama ndinasokerera m'lamba.
Anakana katatu, kachinayi analira.
Zakalezo anaponya m'bini.
Usiku ndinakazitola.

Alendo apita. Kwayamba kuwaza,
kamvula kathu kosadziwa mwezi.
NyaMsiska akupukuta makapu, sakundiyang'ana.
Kenako akuti, chamumtima:
katoni ija nanenso ndinaiona.

Mawa ndibwerera pakhonde langa.
Ndidula soli pa tayala labwino,
ulusi ndiupaka phula kawiri,
ndisoka pang'onopang'ono ngati ndili ndi chaka chonse,
pakuti ndili nacho, ndi china pamwamba.
Ndikatha ndiziika pa shelefu yapamwamba
pomwe fumbi la minibasi silifika msanga.

Wina adzaima, adzaloza ndi chala:
izo zili pa bwanji, madala?
Ndidzati sizogulitsa.
Mwini wake anangozisiya,
akubwera.